SAP S/4HANA poyerekeza ndi ECC: pamene imachita bwino ndi pamene imaluma

Kampani iliyonse yaikulu imene mabuku ake a ndalama, kugula katundu ndi malonda zikuyenda pa SAP ECC 6.0, pulogalamu ya kompyuta yoyendetsera bizinesi yopangidwa ndi kampani ya SAP, ili ndi tsiku limene likuyandikira. SAP inalengeza kuti chisamaliro chake cha nthawi zonse pa pulogalamu imeneyi chidzatha kumapeto kwa 2027, ndipo wofuna kukankhira mpaka 2030 adzalipira zoonjezera. Kumene SAP ikufuna kuti onse asamukire ndi ku S/4HANA, pulogalamu yolowa m'malo mwa ECC, imene inatuluka mu February 2015. Maganizo athu tiwanene poyambirira pomwe. Pa mabuku a ndalama ndi pa kawerengedwe ka katundu, S/4HANA ndi yolimba kuposa ECC, ndipo phindu lake limaoneka ndi maso pa tsiku lotseka mwezi. Koma ndi pulogalamu yosakhululuka. Kampani ikabwera ndi data yauve komanso mapulogalamu ake odzilembera a zaka 20, zonsezo zimatumphuka, ndipo kawirikawiri zimatumphuka pa sabata imene katundu akuyenera kutuluka kupita kwa makasitomala.

Kuti mumvetse chifukwa chake kusamukaku kumavuta chonchi, muyenera kudziwa kumene ERP, mtundu umenewu wa mapulogalamu ophatikiza ntchito zonse za kampani pamodzi, inachokera. M'ma 1960, Joseph Orlicky wa ku IBM ndi anzake anakhazikitsa kawerengedwe ka zipangizo zofunika popanga katundu kotchedwa MRP. Mfundo yake ndi yosavuta: tengani chiwerengero cha zinthu zimene mukufuna kupanga, chulukitsani ndi zipangizo zimene chinthu chimodzi chimafuna, chotsani zimene zili kale m'nkhokwe ndi zimene zili m'njira, kenako bwererani m'mbuyo masiku amene wogulitsa amatenga kuti abweretse katundu. Zotsalazo ndiye oda yanu ndi tsiku loitumiza. M'ma 1980, MRP II inaonjezerapo mphamvu za makina, anthu ogwira ntchito ndi ndalama. Dzina lakuti ERP linachokera ku Gartner, kampani yofufuza ndi kulangiza za makompyuta, mu 1990. SAP yokha inayambitsidwa ku Germany mu 1972 ndi anthu asanu amene anachoka ku IBM, ndipo inatulutsa R/2 mu 1979 ya makompyuta akuluakulu a mainframe, kenako R/3 mu 1992 imene inagawa ntchito patatu: database, seva ya pulogalamu, ndi sikirini ya wogwiritsa ntchito. Mantha akuti makompyuta adzasokoneza madeti pofika chaka cha 2000 anachititsa makampani ambiri kutaya mapulogalamu awo akale n'kugula R/3 mwaliwiro.

Mbiri imeneyi ili ndi chotsatira chimodzi chimene chikuvutitsabe anthu lero. Nthawi imeneyo kuwerenga kuchokera pa disiki kunali kochedwa, choncho SAP inkasunga chiwerengero chimodzi m'malo angapo. Panali tebulo la zolembedwa zenizeni, panali tebulo la ziwerengero zophatikiza kale monga GLT0, panalinso matebulo ongothandiza kufufuza msanga monga BSIK la ngongole za ogulitsa zosalipidwa ndi BSID la makasitomala. Olemba mapulogalamu m'makampani anazolowera kuwerenga matebulo amenewa, ena mpaka kulembamo. Database ya HANA, imene S/4HANA imayendapo, imasunga data mu memory ndipo imaisanja m'mizere yotsika, motero kuphatikiza mizere mamiliyoni ambiri kumatenga kanthawi kochepa. Matebulo ophatikiza kale aja anatha ntchito, ndipo S/4HANA inawachotsa n'kusiya zithunzithunzi chabe zokhala ndi mayina omwewo. Pulogalamu yongowerenga imagwirabe. Pulogalamu yolembamo imagwa.

Chinthu chabwino koposa mu S/4HANA ndi tebulo limodzi lotchedwa ACDOCA, kapena kuti Universal Journal. Mu ECC, buku lalikulu la ndalama, kawerengedwe ka ndalama zimene dipatimenti iliyonse yagwiritsa ntchito, kaundula wa katundu wokhalitsa monga nyumba ndi makina, ndi kawerengedwe ka phindu pa chinthu chilichonse zinkakhala m'matebulo osiyana. Kumapeto kwa mwezi, ma akauntanti ankataya masiku akufufuza chifukwa chimene mbali ya FI (mabuku a ndalama) ikunena zina pamene mbali ya CO (kawerengedwe ka ndalama ka m'kati mwa kampani) ikunenanso zina. Mu S/4HANA mzere umodzi umanyamula zonse: akaunti, cost center (gawo lowerengeredwa ndalama zimene lagwiritsa ntchito), profit center (gawo lowerengeredwa phindu), kasitomala, katundu, fakitale. Zimene kale zinkatchedwa cost element tsopano ndi maakaunti wamba a m'buku lalikulu. Kusemphana kuja kulibenso pobisala chifukwa gwero ndi limodzi. Kwa kampani yogwira ntchito m'mayiko ambiri palinso phindu lina. ECC inkalola mitundu itatu ya ndalama pa cholembedwa chimodzi, pamene ACDOCA imalola kuonjezera mitundu ina 8 yodzisankhira pamwamba pa iwiri yokhazikika. Apa SAP inagwira ntchito yotamandika, ndipo ngati wina akufunsani chifukwa chenicheni chosamukira, chimenechi ndicho choyamba.

Mbali ya katundu inasinthanso mofanana. Matebulo olemba kulowa ndi kutuluka kwa katundu, MKPF ndi MSEG, analowedwa m'malo ndi MATDOC, ndipo kuchuluka kwa katundu m'nkhokwe kumawerengedwa kuchokera pa kulowa ndi kutuluka kwake. Zimenezi zinachepetsa vuto lija lakuti anthu awiri akamalemba katundu yemweyo nthawi imodzi, mmodzi ankauzidwa kuti adikire. MRP Live, imene imayendetsedwa ndi MD01N, imawerengera mkati mwa database momwemo, ndipo ntchito imene kale inkasiyidwa kuti iziyenda usiku ingathe kuyendetsedwa kangapo pa tsiku. Koma musanyengeke ndi liwiro. MRP yothamanga pa data yolakwika imangotulutsa maoda olakwika msanga.

Tiyeni tione oda imodzi pafupi, chifukwa m'pamene mphamvu ya pulogalamuyi ndi ukali wake zimaonekera limodzi. Wogula katundu walemba oda ya mabokosi 100 a mabawuti pa sikirini ya maoda yotchedwa ME21N. Galimoto yafika ndi mabokosi 96. Wa ku nkhokwe walemba 96 pa sikirini ya MIGO ndi movement type 101, nambala yosonyeza katundu wolandiridwa, ndipo pomwepo mtengo wa katundu wosungidwa wakwera m'buku lalikulu, akaunti ya GR/IR, yosunga za katundu wolandiridwa amene invoisi yake sinalowe, yakhala ndi ngongole ya mabokosi 96. Wogulitsa watumiza invoisi ya mabokosi 100. Wa ku maakaunti akailowetsa pa MIRO, pulogalamu imayerekeza oda, katundu wolandiridwa ndi invoisi, n'kuona kuti pali kusiyana kwa mabokosi 4. Ngati kusiyanako kwapyola malire amene munaika, invoisi imatsekeredwa, ndipo F110 polipira ogulitsa imaidumpha mpaka wina aimasule pa MRBR. Palibe amene walipira katundu wosafika. Mmenemu ndi mmene ziyenera kukhalira. Koma taganizirani kampani imene anthu a ku nkhokwe anazolowera kulemba katundu wolandiridwa Lachisanu lokha, kapena kulemba zimene zili pa pepala la dalaivala osawerenga mabokosi. Pakatha mwezi umodzi mainvoisi mazana atsekeredwa, ogulitsa asiya kutumiza katundu, akaunti ya GR/IR yatupa ndi mizere yosadziwika mutu wake, ndipo aliyense akuloza chala pulogalamu. Pulogalamu yachita ndendende zimene inauzidwa. Chimene sichinakonzedwe ndi chizolowezi cha pa khomo la nkhokwe, ndipo palibe katswiri wa kompyuta amene angachikonze ali mu ofesi.

Chopunthwitsa choyamba pa kusamuka kwenikweni ndi Business Partner. Mu ECC kasitomala anali ndi kaundula wake, wogulitsa analinso ndi wake. Mu S/4HANA onse ayenera kukhala Business Partner, ndipo kusinthaku, kotchedwa CVI, kuyenera kutha mu ECC momwemo musanayambe kusamutsa china chilichonse. Apa m'pamene mumazindikira kuti wogulitsa mmodzi analembedwa katatu ndi kalembedwe kosiyana, kuti nambala ya msonkho ili m'malo a nambala ya foni, kuti nambala ya positi siikugwirizana ndi dziko, kuti akaunti ya ku banki ndi ya banki imene inatsekedwa kalekale. Cholakwika chilichonse chimaimitsa mzere wake. Palinso chisankho cha manambala: ngati kasitomala 100200 ndi wogulitsa 100200 ndi anthu osiyana, mmodzi ayenera kulandira nambala yatsopano ya Business Partner, ndipo mapulogalamu onse akunja amene amamudziwa ndi nambala yakale ayenera kuuzidwa. Ntchito imeneyi siifuna S/4HANA kuti iyambe. Ingathe kuyamba lero, ndipo kampani yanzeru imaiyamba miyezi yambiri alangizi asanafike.

Pali zina zokakamiza zimene ambiri amazipeza mochedwa. Material Ledger, buku lowerengera mtengo wa katundu, iyenera kuyatsidwa. Kaundula wa katundu wokhalitsa ayenera kukhala pa New Asset Accounting. Kuyang'anira malire a ngongole za makasitomala kunachoka ku njira yakale ya SD, mbali ya malonda, kupita ku SAP Credit Management. Dongosolo lonse liyenera kukhala pa Unicode, njira yosungira zilembo za zilankhulo zonse. Zonsezi zalembedwa mu Simplification List, ndipo chida cha Readiness Check chimakuuzani zimene zikukhudza dongosolo lanu. Chida chimenechi n'chabwino, chiyendetseni musanasaine kontirakiti ndi aliyense.

Nkhani ya mapulogalamu odzilembera, amene mayina awo amayamba ndi Z kapena Y, ndi imene imadya ndalama mwakachetechete. Kampani imene yakhala pa SAP kuyambira nthawi ya R/3 imakhala ndi mapulogalamu oterewa zikwi, ndipo gawo lalikulu palibe amene amaligwiritsanso ntchito. Njira yodziwira ndi kuyatsa SCMON kuti izilemba pulogalamu iliyonse imene yayendetsedwa. Isiyeni iyende chaka chathunthu, chifukwa pali mapulogalamu amene amadzuka kamodzi kokha potseka chaka, ndipo mukawerenga miyezi itatu yokha mudzawataya n'kuwafuna pa nthawi yoipa. Otsalawo apimeni ndi ATC, chida cha SAP chofufuzira zolakwika m'mapulogalamu. Zolakwika zitatu zimabwerezabwereza. Choyamba ndi kulemba m'matebulo amene anachotsedwa. Chachiwiri ndi kutalika kwa nambala ya katundu, imene inachoka pa zilembo 18 kufika pa 40, kotero pulogalamu imene inasungira malo a zilembo 18 imadula nambala kapena kusokoneza fayilo yopita ku makina ena. Chachitatu ndi choopsa kwambiri chifukwa sichilira. Ma database akale nthawi zambiri ankabweza mizere itasanjika kale ngakhale wolemba sanapemphe, ndipo anthu anazolowera kungotenga mzere woyamba. HANA siilonjeza kusanja ngati simunalembe ORDER BY. Pulogalamu imayenda bwinobwino, siigwa, koma yatenga mtengo wa chaka chatha m'malo mwa wa chaka chino.

SAP tsopano imalalikira zimene imatcha clean core, kutanthauza kuti pakati pa dongosolo pasakhudzidwe, ndipo zoonjezera zanu zikhale pambali, pa Business Technology Platform kapena kudzera m'zipata zovomerezeka. Mfundoyi ndi yoona, ndipo tikuigwirizana nayo ndi mtima wonse, chifukwa kampani imene inasema pakati pa ECC ndi imene inakhala zaka zambiri osatha kukweza pulogalamu yake. Chimene otsatsa sanena mokweza n'chakuti pulatifomu ya pambaliyo ili ndi malipiro ake ndi luso lake, ndipo olemba ABAP (chilankhulo cholembera mapulogalamu a SAP) amene muli nawo ayenera kuphunziranso.

Njira zosamukira zilipo zitatu, ndipo kusankha pakati pawo kumaposa zisankho zina zonse. Brownfield ndi kutembenuza dongosolo limene lilipo pogwiritsa ntchito Software Update Manager ndi DMO, imene imasamutsa database kupita ku HANA n'kukweza pulogalamu pa ulendo umodzi. Mbiri yonse ya malonda imasungika, anthu amapeza zinthu pamalo pamene anazisiya, ndipo nthawi imafupika. Choipa chake n'chakuti mumanyamula zinyalala zonse kupita nazo m'nyumba yatsopano. Greenfield ndi kumanga mwatsopano, kutenga kaundula woyeretsedwa, ndalama zotsala pa akaunti iliyonse ndi zinthu zosatsekedwa zokha, kudzera pa Migration Cockpit. Imapereka mwayi wokonza mndandanda wa maakaunti ndi kagawidwe ka makampani, koma imafuna kuti bungwe lonse livomere kusintha kagwiridwe ka ntchito. Yachitatu ndi yosakaniza, yosankha makampani ena kapena zaka zina za mbiri, ndipo imadalira zida ndi akatswiri apadera. Kwa kampani imene ECC yake ili yaukhondo ndipo ili kale pa New General Ledger, mtundu watsopano wa buku lalikulu la ndalama mu ECC, brownfield ndi yokwanira. Kwa imene ili ndi madongosolo a ECC anayi kapena asanu chifukwa chogula makampani ena, aliwonse ndi mndandanda wake wa maakaunti, kutembenuza lililonse palokha ndi kulipira kanayi kapena kasanu kuti mukhalebe ndi vuto lomwe lija.

Greenfield ili ndi msampha wake, ndipo Lidl ndi chitsanzo chimene aliyense wa m'ntchitoyi ayenera kuchidziwa. Kampani ya masitolo ya ku Germany imeneyi inayamba ntchito yoika SAP mu 2011 n'kuisiya mu 2018, itawononga ndalama pafupifupi ma euro 500 miliyoni monga zinafalitsidwira. Chimodzi mwa zifukwa zimene zinatchulidwa n'chakuti Lidl inkawerengera katundu wake pa mtengo wogulira, pamene pulogalamu ya SAP ya masitolo inamangidwa pa mtengo wogulitsira. M'malo mosintha chizolowezi, anasintha pulogalamu, ndipo kusintha kumodzi pa maziko kunakoka kusintha kwina pamwamba pake mpaka ntchito inalemera. Njira ya SAP Activate ili ndi gawo lotchedwa Explore, mmene anthu a kampani amakhala pansi n'kuona mmene pulogalamu imachitira ntchito iliyonse isanakhudzidwe. Misonkhano imeneyi imapindula pokhapokha ngati m'chipindamo muli munthu wa udindo wokana. Pempho lililonse losintha pulogalamu liziyankha funso limodzi: kodi zimenezi zikufunidwa ndi lamulo la dziko, kapena ndi zimene zimatipezetsa makasitomala kuposa anzathu? Ngati yankho ndi lakuti tinazolowera basi, pempholo ligwe.

Fiori, nkhope yatsopano ya pulogalamuyi, ndi imene amakuonetsani poyamba pa chionetsero, ndipo m'pamene mwambi uja wa chikomekome cha mkuyu umabwera m'mutu. Kwa bwana amene amangovomereza maoda, kapena wofuna kuona mainvoisi ochedwa pa foni, Fiori ndi yabwino zedi. Mndandanda wa ntchito zodikira umaoneka pa sikirini yoyamba, ndipo kuchoka pa chiwerengero chachikulu kufika pa cholembedwa chimodzi kumatenga kudina kuwiri kapena kutatu. Kwa kalaliki amene amalowetsa mainvoisi mazana pa tsiku ndipo zala zake zinaloweza SAP GUI, sikirini yakale ya SAP, mapulogalamu ena a Fiori amamuchedwetsa, ndipo ambiri amabwerera ku sikirini yakale imene ikadalipo. Fiori siibweranso yoyaka yokha. Pamafunika kuyatsa ma OData service (njira zimene Fiori imatengera data), kumanga ma catalog (magulu a mapulogalamu a Fiori), ndi kulumikiza zonsezo ndi maudindo a anthu. Kampani ikasiya ntchito imeneyi mpaka mwezi womaliza, pa tsiku loyamba anthu amatsegula sikirini n'kupeza mabokosi opanda kanthu kapena uthenga wowakana. Ndiye poopa phokoso, wina amapereka SAP_ALL, chilolezo chochita chilichonse m'dongosolo, kwa anthu ambiri ponena kuti ndi kwa sabata imodzi. Munthu mmodzi akakhala ndi mphamvu yolenga wogulitsa, yosintha akaunti yake ya ku banki ndi yoyendetsa malipiro, khomo la kuba latseguka, ndipo ofufuza mabuku adzalipeza.

Pa data tibwerezeko, chifukwa ndi pamene ntchito zambiri zimafera. Target, kampani ya masitolo ya ku America, italowa ku Canada mu 2013 inaika SAP yatsopano, ndipo data ya katundu inalowetsedwa mothamanga ndi zolakwika zambiri pa miyeso, manambala ndi zina. Nkhokwe zinadzaza pamene mashelefu a m'masitolo anali opanda kanthu, ndipo mu 2015 kampaniyo inatseka masitolo ake onse 133 m'dzikolo. Cholakwika cha mtundu umenewu ndi chaching'ono pochiona. Bokosi la mabawuti lija lili ndi mabawuti 50, koma wolowetsa data walemba kuti bokosi limodzi ndi bawuti imodzi. Fakitale ikafuna mabawuti 500, MRP iitanitsa mabokosi 500, ndipo pafika mabawuti 25,000. Chitetezo chake ndi kuyeseza kusamutsa data katatu kapena kupitirira tsiku lenileni lisanafike, ndipo ulendo uliwonse eni data, osati a IT, asaine kuti chiwerengero cha mizere chikugwirizana, kuti ndalama zotsala pa akaunti iliyonse zikufanana ndi za dongosolo lakale mpaka pa kakobidi komaliza, ndi kuti kuchuluka ndi mtengo wa katundu pa nkhokwe iliyonse zikugwirizana. Ulendo womaliza uchitike ndi wotchi m'manja, kuti mudziwe ngati ntchito yonse ikukwana m'maola amene kampani ingapirire itaima. Musanasamuke, chotsaninso mbiri yakale n'kuisunga pambali. Memory ya HANA ndi yodula, ndipo si nzeru kuidzaza ndi maoda a zaka 15 zapitazo amene palibe adzawatsegule.

Tsiku loyatsa, limene onse amangoti go-live, lisankhidwe poyang'ana kalendala ya malonda. Hershey, kampani ya chokoleti ya ku America, inayatsa SAP R/3 pamodzi ndi mapulogalamu a Manugistics ndi Siebel pakati pa 1999, maoda a chikondwerero cha Halloween atayamba kale kulowa, ndipo inalephera kutumiza katundu wa pafupifupi madola 100 miliyoni ngakhale katunduyo analipo m'nkhokwe. Revlon, kampani ya zodzoladzola, inakumana ndi zofanana mu 2018 pa fakitale yake ya ku Oxford, North Carolina, itayatsa SAP yatsopano, ndipo ena mwa eni masheya anaisumira. Ntchito ikachedwa, chimene oyang'anira amakonda kudula ndi nthawi yoyesa, popeza ili kumapeto ndipo siioneka ngati ikubala kanthu. Kuyesa kumene kuli ndi phindu ndi kotsata ntchito yonse kuchokera pa oda ya kasitomala mpaka ndalama kulowa ku banki, ndi data yeniyeni yosamutsidwa, kuphatikizapo zovuta za tsiku ndi tsiku: katundu wobwezedwa, oda yotumizidwa theka, invoisi ya ndalama zakunja, mtengo wosintha oda itatuluka kale. Malumikizano ndi mabanki, makina osindikiza zomata pa katundu, masikelo ndi makina owerenga barcode ayesedwe pa zipangizo zenizeni za pa malo ogwirira ntchito. Ndipo antchito odziwa kwambiri a dipatimenti iliyonse amasulidwe ku ntchito zawo za masiku onse, wina awagwirire. Munthu amene akutseka mwezi masana n'kumayesa dongosolo latsopano madzulo amangodina kuti zatheka.

Za malaisensi ndi kumene dongosolo likhale ziyenera kuwerengedwa modekha. S/4HANA imayenda pa database ya HANA yokha, kotero mwayi umene ECC inkapereka wosankha Oracle, Db2 kapena SQL Server unatha. Ilipo ya pa maseva anu, ilipo Private Edition ya pa cloud (maseva obwereka ofikiridwa pa intaneti), ndipo ilipo Public Edition imene makampani ambiri amagawana ndipo SAP imaikweza kawiri pa chaka, mufune musafune. Ya Public ndi yabwino kwa nthambi zing'onozing'ono kapena kampani yovomera kutsata njira za SAP mmene zilili, koma siilola kutembenuza ECC, muyenera kumanga mwatsopano. Kuyambira ndi mtundu wa 2023, ya pa maseva anu ndi ya Private zimatuluka kamodzi pa zaka ziwiri ndi chisamaliro cha zaka 7, zimene zapereka mpata wopumira. RISE with SAP, imene inayamba mu January 2021, imamanga pulogalamu, maseva ndi chisamaliro mu kontirakiti imodzi yolipira chaka ndi chaka, ndipo ogwiritsa ntchito amawerengedwa pa muyeso wa malaisensi wotchedwa FUE, mmene munthu wa mphamvu zambiri amalemera kuposa wongoona malipoti. Choncho maudindo opatsidwa mosasamala amakwezanso bilu. Werengani mosamala chikalata chonena ntchito zimene SAP idzachita ndi zimene zatsala m'manja mwanu, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti RISE ikuphatikiza kusamutsa ndi kukonza mapulogalamu awo odzilembera, pamene ntchitoyo ndi ya kontirakiti ina.

Pali kanthu kena kamene kamaiwalika mpaka kalata itafika. Mu 2017 khoti lalikulu la ku England linagamula mokomera SAP pa mlandu wake ndi Diageo, kampani ya zakumwa, ponena kuti anthu amene ankafika pa data ya SAP kudzera m'mapulogalamu omangidwa pa Salesforce, pulatifomu ya kampani ina, ankayenera kukhala ndi laisensi. Chaka chotsatira SAP inabweretsa Digital Access, imene imawerenga zikalata zolengedwa mu SAP ndi makina akunja, za mitundu 9, monga maoda a malonda ndi mainvoisi. Ngati muli ndi tsamba la pa intaneti logulitsira, kapena makina a m'fakitale olemba okha katundu wotuluka, werengani zikalatazo musanakambirane mtengo.

Poyerekeza ndi anzake, S/4HANA imaposa pa kampani yopanga zinthu, ya mafakitale ambiri, yogulitsana katundu pakati pa nthambi zake m'mayiko osiyana, yofuna kudziwa mtengo weniweni wa chinthu chilichonse. Oracle Fusion Cloud ERP ndi yolimba pa ndalama ndi kugula katundu m'mabungwe opereka ntchito za ukatswiri, ndipo Microsoft Dynamics 365 imakwanira makampani ambiri apakatikati ndi ntchito yochepa. Koma wothawa SAP poganiza kuti kwina kulibe minga aone za khonsolo ya mzinda wa Birmingham, imene inachoka pa SAP kupita ku Oracle, n'kuyatsa mu April 2022 itasintha pulogalamu kuti ifanane ndi njira zake zakale. Kuyanjanitsa mabuku ndi banki kunakanika, antchito anayamba kuchita pamanja, ndipo ndalama za ntchitoyo zinakwera kangapo kuposa bajeti yoyamba. Mbali ya antchito ndi malipiro awo ifunanso chisankho chake padera, chifukwa SAP ikukankhira makasitomala ku SuccessFactors, pulogalamu yake ya pa cloud ya za antchito, ngakhale HCM, mbali yakale ya za antchito, ikupezekabe mkati mwa S/4HANA kwa ofuna kukhala nayo.

Mu kontirakiti ya alangizi, onetsetsani kuti nthawi ya chisamaliro chapadera pambuyo pa go-live ikupyola kutseka mwezi koyamba, ndipo ngati n'kotheka kwachiwirinso. Sabata yoyamba imaonetsa mavuto a mapasiwedi, maprinta ndi maudindo, amene amatha msanga. Mavuto olemera amadikira tsiku lotseka mwezi: kuwerengera kutha kwa mtengo wa makina, kusintha ndalama zakunja pa mtengo wa tsikulo, kugawa ndalama za ma cost center, kutseka Material Ledger, ndi kuyeretsa GR/IR. Alembeni mayina akatswiri amene adzakhalepo masiku amenewo mu kontirakiti momwemo, chifukwa akatswiri amene anabwera pokopa ntchito nthawi zambiri amakhala atatumizidwa kale kwa kasitomala wina pofika mwezi wachiwiri.